Tsiku Limene Mlambe wa ku Rivirivi Unandigwira M'chiuno

Mpaka lero sindimwa juwisi wa malambe. Anzanga kuntchito amaganiza kuti ndi nkhani ya shuga, ndipo ndimawasiya aganize choncho, chifukwa shuga ndi matenda aulemu. Zoona zake n'zakuti mlambe wina wa ku Rivirivi unandichita chipongwe pamaso pa munthu amene sankayenera kuona ngakhale chigongono changa. Ndatopa nako kubisa. Ndiponso a kwawo kwa mkazi wanga anaifalitsa kale nkhaniyi mpaka kutsidya kwa malire, ndiye bola muimve kwa mwini wake.

Chinali chaka chija sukulu zinatsekedwa chifukwa cha korona. Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina yomwe si ya boma pa Balaka, ndipo sukulu zoterezi zikatseka zitseko zimatsekanso dzanja. Ndinangokhala pakhomo. Mkazi wanga Esinati anali woyembekezera mwana wathu woyamba, titadikira zaka zambiri mpaka anthu atasiya kufunsa. Iye ankakazinga mandasi n'kumagulitsa pakhonde, koma ogula anali ochepa chifukwa aliyense ankaopa chogwiridwa ndi mnzake. Otsala onse ankandipeza ine. (Sindinkadya chifukwa cha dyera ayi, ndinkangodana ndi kutaya chakudya.) Pasanapite nthawi lamba wanga anasowa bowo, ndipo ndinachita kuboola lina ndi msomali.

Kenako kunabwera apongozi.

Mayi ake a Esinati amachokera ku Nayuchi, kumalire kwenikweni, komwe munda wina umayambira ku Malawi n'kukathera ku Mozambique. Ndi mayi wamfupi, wowuma thupi, wa manja a khasu, wosaphonya mapemphero. Kwawoko mwambo ukadalipo wolimba: mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, sakhala pa mphasa imodzi, ndipo salankhulana okha. Mukakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Za kutalikirana zimene ankalengeza pawailesi zija, ine ndi apongozi tinali titaziyamba kalekale boma lisanaziganize.

Kumudzi mwambowu ndi wosavuta, malo alipo. Koma tayesani m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Apongozi akakhala pabalaza, ine ndinali mkaidi kuchipinda. Akakhala pakhonde la kuseri, njira ya kuchimbudzi inali yotseka. Kale ndinkati ndikafuna kudutsa ndimatsokomola pang'ono kuti atembenuke, koma chaka chimenecho kutsokomola kunali mlandu. Ndinayamba kuimba mluzu nyimbo za kwaya. Anthu oyandikana nawo ankati ndalapa.

Mawu onse ankadzera mwa Esinati, ngakhale tonse tili m'chipinda chimodzi, wina atayang'ana khoma ili, wina khoma lija.

“Auzeni aphunzitsi kuti tayamika malo ogona,” anatero apongozi tsiku loyamba.

“Akuti ayamika malo ogona,” anatero Esinati.

“Auzeni kuti pano ndi pawo.”

“Akuti pano ndi panu.”

“Auzeninso kuti sindikhalitsa. Ndabwera kudzatenga mwana wanga. Akachirire kumudzi, ndipo akakhala konko mpaka matendawa atathe. Amalume ake avomera kale.”

Zimenezi Esinati sanabwereze. Anangoyang'ana pansi.

Ndinene mosabisa, ndinachita mantha. Palibe ankadziwa kuti matendawa adzatha liti. Ndinkaona mwana wanga akubadwira kutali, chipatala chili mtunda wa njinga, ine n'kumangomva pa foni ngati netiweki yalola. Ndinkaona akukwawa, akumera mano, asakundidziwa. Koma ndikanatsutsa bwanji? Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, amalume anali atalamula, ine malipiro ndinalibe, ndipo munthu woti ndikangane naye sindinkaloledwa ngakhale kumuyang'ana.

Poti m'nyumba munali mothina, ndinayamba kuyendayenda. Ndinadziuza kuti mphunzitsi wa mbiri ayenera kudziwa malo akale a m'dera lake, koma chenicheni ndinkangofuna malo oti ndikhale pansi popanda kuimba mluzu. M'mawa ndinkavala masiki yanga ya chitenje, kabotolo ka sanitaiza m'thumba, ulendo.

Ndinayambira kunjanji, komwe kuli thanki yakale ya dzimbiri imene amati sitima za malasha zinkamwerapo madzi. Ndinaiyang'ana. Nayonso inandiyang'ana. Ndinabwerera. Tsiku lina ndinapalasa njinga kupita ku mishoni ina komwe ndinamva kuti kuli kanyumba kosungiramo zinthu zamakedzana. Ndinapeza loko pachitseko, pambali pake ndowa yosambira m'manja yopanda madzi. Nditasuzumira pawindo ndinaona khasu, lichero ndi mtondo, zofanana ndendende ndi zimene apongozi anasiya ku Nayuchi, kungoti izi zinali ndi fumbi. Ku mapiri a Machinga munthu wina anandikweza mtunda dzuwa lili pamutu kuti ndikaone phazi la chimphona pamwala. Linali dzenje, ndipo mbuzi zinali zitafikapo kale ine ndisanafike.

Madzulo ndinkafotokozera Esinati zonsezi mokweza mawu, kuti a kuseri kwa khoma amve kuti mkamwini ndi munthu wodziwa zinthu. Tsiku lina khomalo linayankha.

“Afunseni aphunzitsi ngati zimene akukaonazo zimadyedwa.”

Ulendo wa ku Nayuchi anaukonza kuti udzakhale Lolemba. Zikwama zinamangidwa, zinaima pakona pabalaza, ndipo ndinkazidutsa ngati ndikudutsa manda. Ndiye Lachisanu ndinamva za mlambe. Mnzanga wina anandiuza kuti cha ku Rivirivi kuli mlambe waukulu wa mphako, umene akale ankasungiramo odwala nthomba kuti asapatsire anzawo. Nzeru inandibwerera pompo (ndikuitcha nzeru chifukwa chosowa dzina lina). Ndinati ndiwatengere apongozi kumeneko, ndikaime pansi pa mtengowo, ndikafotokoze ngati m'kalasi kuti miliri inayamba kale, kuti makolo sankathawa koma ankasamala, ndipo aone okha kuti mwana wawo ali m'manja mwa munthu wozindikira. Lero ndikaganiza, sindiona mmene mtengo ukanasinthira maganizo a mayi uja. Koma munthu ukakhala pakhomo miyezi yambiri ukudya mandasi, mutu umayamba kuyenda wokha.

Chodabwitsa, anavomera. “Auzeni tipita. Tikaone chimene chimawachotsa pakhomo.”

Loweruka tinakwera minibasi, ine kutsogolo, iwo ndi Esinati kumbuyo kwenikweni. Tinatsikira pa kagolosale kena m'mbali mwa msewu, pomwe njira ya kumlambe imayambira. Apa mpamene dongosolo langa linayamba kuphwasuka. Apongozi atamva bwinobwino kuti mumtengomo munkagona odwala, anaimika phazi.

“Iyayi. Munthu wapakati sapita malo otero. Esinati, ukhala pompano.”

“Nanga amayi, mukalankhulana bwanji?”

“Ndani wati tikalankhulana?”

Esinati anakhala pa benchi ya pagolosale ndi botolo la madzi. Ine ndinatsogola, apongozi kumbuyo, pakati pathu mpata woti n'kudutsa ngolo. Tinayenda m'minda ya thonje yokololedwa kale, kutentha kwa ku Balaka kukutiwotcha ngati tabera munthu.

Mlambewo unalidi waukulu, zimenezo sindingaunamizire. Anthu khumi ogwirana manja sakanauzungulira. M'munsi mwake munali bowo lofika m'mawondo, lopapatiza, lakuda bii. Pambali panali mpando, ndowa ya madzi yokhala ndi kampopi, ndi sopo wochapira womangidwa pachingwe kuti asabedwe. Mwini mpandowo anali bambo wina wowonda ngati bango, dzina lake a Saidi, amene anadziika yekha kukhala woyang'anira mtengowo. Masiki yawo inali pachibwano. Chapatali pang'ono panali amayi angapo ogulitsa malambe ndi anyamata akabaza atatsamira njinga zawo pamthunzi.

“Takulandirani, bwana! Sambani m'manja, lamulo la boma. Alendo anasiya kubwera, inu ndinu oyamba mwezi uno. Chambone, zili bwino!”

Tinasamba, ine kaye, kenako ndinapita kukayang'ana thengo kuti apongozi asambe. Ndiye ndinayamba phunziro langa. Poti sindikanalankhula kwa iwo, ndinkalankhula kwa a Saidi, mokweza, za nthomba, za makolo, za kufunika kosathawa. A Saidi ankangogwedeza mutu. Apongozi anali atakhala pamuzu, atandipatsa msana, akuswa lambe ndi mwala. Nditamaliza, anayang'ana mtengo n'kuuza mtengowo:

“Mlambe iwe, ena amakudziwa kunja kokha, za m'mabuku.”

A Saidi anadumphira pomwepo. “Zoona, mayi! Nkhani ili m'kati. Muli mizere imene odwala ankalemba pakhoma, muli malo amene ankagona. Azungu amalowa. Aphunzitsi anzanu amalowa. Taonani!” Anagwada, n'kulowa m'bowomo ngati buluzi, kenako mawu awo anamveka m'kati: “Muli malo ngati chipinda, bwana!” Anatulukanso akudzisasa fumbi.

Apa munthu wanzeru akanayang'ana chiuno cha a Saidi, n'kuyang'ana chake. Ine ndinayang'ana msana wa apongozi. Ndinavula masiki kuti ndizipuma bwino, ndinapatsa a Saidi chipewa, ndinagwada.

Mutu unalowa. Mapewa analowa nditawapendeketsa. Chifuwa chinalowa mokakamiza. Kenako mandasi onse a miyezi ija anafika pakhomo n'kukana. Ndinakankha ndi zala za kumapazi, ndinasuntha pang'ono, ndipo kusuntha kumeneko ndiko kunandimaliza, chifukwa tsopano mtengo unali utandigwira pakati penipeni pa mimba. Kutsogolo ayi. Kumbuyo ayi. Theka la mphunzitsi linali m'mbiri yakale, theka linalo, lopanda ulemu lija, linali panja litaloza kumene kunakhala apongozi.

“Bwana, mwaiona mizere?” anafunsa a Saidi.

Sindinaone mzere uliwonse. Chimene ndinapeza ndi mileme. Inali yambirimbiri kudenga kwa mphakoyo, ndipo pansi ponse, pomwe panali nkhope yanga, panali ndowe zake zouma ngati ufa. Nditapuma mwamphamvu, ufawo unalowa m'mphuno ndi kukhosi. Ndinayesa kudzigwira, Mulungu ndi mboni. Koma chifuwa chinabwera, chouma, chosalekeza, ndipo m'mphakomo chinkamveka ngati ng'oma.

Panja ndinamva mayi wina akufunsa, “Achokera kuti amenewa?”

“Ku tauni,” anatero a Saidi, mawu awo akumveka patali kuposa poyamba.

“Chifuwa chouma chimenecho! N'chimene ananena pawailesi!”

“Walahi, ndipo ndagwira chipewa chawo!”

Zotsatira zake ndinazimva ndi makutu okha: mabeseni akugwa, malambe akugubuduka, njinga zikulira matcheni, mapazi akuthamanga m'mapesi. Wina anakuwa ali kutali kuti akukaitana a zaumoyo, koma mmene ankathamangiramo sizinkaoneka kuti abwerera chaka chimenecho. Ndinayesa kufuula kuti ndi fumbi chabe, koma chinatuluka ndi chifuwa china.

Ndinagona pamenepo, mileme ikundipepesa ndi mapiko kumaso, nyerere zitayamba kufufuza m'miyendo ya buluku. Ndinatopa. Sindinalire, koma ndinaganiza kuti basi, Lolemba Esinati apite ndithu, munthu ngati ine ndingalere mwana wa yani? Mpweya unayamba kuchepa chifukwa mimba inali yofinyika, ndipo mantha enieni anandigwira.

Kenako ndinamva mapazi a munthu mmodzi akubwera pang'onopang'ono. Chinthu chofewa chinagwera pamsana panga mpaka m'miyendo. Chinali chitenje. Apongozi, asanachite china chilichonse, anayamba aphimba kaye zimene sankayenera kuona.

“Mlambe iwe,” anatero, “auze anthu ena asiye kuphiriphitha. Akudzithinitsa okha.”

Ndinasiya kuphiriphitha.

Ndinamva kampopi ka ndowa kakutsegulidwa, chingwe cha sopo chikuduka. Kenako manja awiri olimba ngati mpini anakweza malaya anga n'kuyamba kupaka thovu m'nthiti, kuzungulira pomwe thupi linakumana ndi khungwa. Abale, munthu amene kwa zaka zonse za ukwati wanga ndinkamuthawira kutchire anali akundisambitsa ngati khanda. Sopo atachepa, anapisa m'thumba langa n'kupeza sanitaiza, nayenso anamuthira. Khungwa linali litandikala m'mbali monse. Amene anathirapo sanitaiza pachilonda akudziwa nyimbo imene ndinaimba m'mphakomo, ndipo sinali ya kwaya.

Anandigwira akakolo n'kukoka. Nsapato zinatsala m'manja mwawo. Anagwira miyendo ya buluku n'kukokanso. Bowo la msomali lija linang'ambika, lamba anamasuka, ndipo buluku linayamba ulendo wopita ku Nayuchi palokha. (Chitenje chija chinagwira ntchito yaikulu tsiku limenelo, Mulungu achidalitse.)

“Mlambe iwe, auze atulutse mpweya wonse.”

M'katimo, ndi chifuwa ndi mileme, sindinamve bwino. Ndinakoka mpweya m'malo motulutsa, mimba n'kufufuma.

Apa mpamene mwambo wa makolo unathera. Ndinamva mbama pa ntchafu, ndi mawu amene sanadzere kwa Esinati, kapena kukhoma, kapena kumtengo:

“Inu aphunzitsi inu! Ndati tulutsani mpweya! Bwezani chimimbacho!”

Amenewo ndiwo mawu oyamba amene apongozi anga anandilankhula chikwatirireni mwana wawo. Ndinadzidzimuka mpaka mpweya wonse unatuluka wokha. Iwo anaponda phazi limodzi pamtengo, anandigwira m'mawondo, anakoka ngati akuzula chinangwa m'nthaka youma, ndipo ndinatuluka kuti phu! Tonse tinagwera m'fumbi, iwo chagada, ine chafufumimba, thovu ndi ndowe za mileme thupi lonse.

Tinayang'anana m'maso. Ndinali ndisanadziwe kuti ali ndi kachipsera pamwamba pa diso lamanzere. Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anapukusa mutu, n'kunena kuti, “Valani.”

Pobwerera sanayende kumbuyo. Anayenda pambali panga, atanyamula nsapato zanga, ine nditagwira buluku ndi dzanja. A Saidi tinawaona ataima pachulu kutali, chipewa changa atachikoleka pa kamtengo ngati mbendera. Sindinachitenge. Esinati atationa tikubwera limodzi anaimirira pa benchi paja, pakamwa pali yasa.

“Amayi, chachitika n'chiyani?”

“Afunse amuna ako. Pakamwa ali napo, ndawamva ndekha.”

Mu minibasi anthu anatipatsa malo ambiri, osati chifukwa cha korona koma fungo.

Lamulungu lonse ndinabindikira kuchipinda, nthiti zikuwawa, ndikudikira Lolemba ngati munthu woweruzidwa kale. Ndinali nditapita kukaonetsa kuti ndine mwamuna wodalirika, n'kubwerako nditasambitsidwa ndi apongozi. Madzulo dzuwa lisanalowe Esinati anabwera n'kuti, “Akukuitanani.” Ndinayamba kuimba mluzu mwachizolowezi, koma mawu anachokera pabalaza: “Siyani zimenezo, khalani apa.”

Ndinakhala. Zikwama zija zinali zitamasulidwa, zovala zili pa mphasa.

“Bambo,” anatero apongozi, akundiyang'ana bwinobwino, “ine ndinabwera kudzatenga mwana wanga chifukwa ndinkaopa matenda. Koma dzulo ndaona kuti m'nyumba muno muli choopsa china. Ndikamutenga Esinati, inu mutsala ndi yani? Munthu wamkulu, wandevu, kuona bowo n'kulowetsamo mutu! Tikachoka Lolemba, Lachitatu tidzamva kuti mwakanirira mu thanki ya sitima. Mwana wanga sakhala wamasiye chifukwa cha ine, iyayi. Sitipita.”

Ndinatsegula pakamwa kuti ndithokoze.

“Ndikhala konkuno ine, ndiziyang'anira nonse awiri, mpaka matendawa atathe.”

Mwana wathu anabadwira pa Balaka pompano, wamkazi. Ndinali panja pa chipatala ndi masiki yanga, popeza sankalola kulowa, ndipo anali apongozi amene anatuluka n'kudzandiuza, pamaso, osadzera mwa munthu. Tsiku lotuluka anandiika mwanayo m'manja okha. Pamenepo ndiye ndinalira, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinamuona akukwawa, ndinamuona akumera mano, ndipo mawu akuti “ababa” anawanenera pa mwendo panga. Zonsezi sindinazipeze chifukwa cha nzeru, kapena maphunziro, kapena phunziro langa la nthomba lija. Ndinazipeza chifukwa mayi wina anaona kuti sindingasiyidwe ndekha.

Matenda anatha, sukulu zinatsegulidwa, masiki tinapukutira mawindo. Apongozi sanamve kuti anatha. Amapita ku Nayuchi nthawi yolima ndi yokolola, kenako amabwerera, ndipo popeza mwambo unasweka pansi pa mlambe paja, tsopano amandilankhula tsiku lililonse, kuyambira m'mawa. Zimene anasunga zaka zonse zija akuzitulutsa pang'onopang'ono: mmene ndimatafunira, mmene ndimakhalira pampando, mandasi amene ndatenga. Nthawi zina ndimakhala pakhonde n'kumakumbukira masiku a mluzu aja, ndipo ndimawasowa.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo kanthu. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma mwezi watha mnzanga uja anandiuza za phanga lina ku mapiri a Machinga, lomwe amati anthu ankabisalamo nthawi ya nkhondo zakale. Ndafunsa kale za khomo lake, akuti ndi lotakasuka, munthu amalowa choweramira basi. Ndinauza Esinati monong'ona kuchipinda, chitseko chili chotseka.

M'mawa mwake ndinapeza apongozi pabalaza atavala nsapato zawo za ulendo, akuika sopo m'chikwama.